Namwali wokana amuna adakwatiwa ndi fisi. Nanga wosafuna konse tidamuika kuti?

Nthano ya namwali wokana amuna tonsefe timaidziwa. Kaya mudaimva kwa agogo anu ku Nambuma, kaya mudaimva kugowelo kwa Kabudula, mafupa ake ndi amodzimodzi. Padali mtsikana wokongola zedi, ndipo anyamata ankachita kusinthana pakhomo pa amake kudzafunsira mbeta. Mlimi adabwera, iye toto. Mlenje adabwera, toto. Mwana wa mfumu, toto. Tsiku lina kudatulukira mlendo wotchena, wa mano oyera ngati ufa, mtsikana nkugwa naye pompo. Atapita naye kwao, usiku mlendo uja nkusanduka fisi, ena amati njoka, ena amati mkango, ndipo chipanda kamlongo kake kamene ankakanyoza, namwaliyo akadathera m'mimba mwa chilombo. Tikatero timauzidwa kuti kunyada nkoipa, ana nkupita kukagona.

Koma taonani chimene nthanoyi yachita mwakachetechete. Yayamba ndi mtsikana amene akuti sakufuna, ndipo yatha itatitsimikizira kuti ankafuna ndithu, kungoti ankafuna wapamwamba. Toto wake yamutanthauzira kuti ndi matama. Nthanoyi singathe kuganizako za mtsikana amene toto wake ndi toto basi, amene ngakhale mlendo wa mano oyerayo akadamuyang'ana monga tiyang'anira mtengo wa mbawa, kuuyamikira kukongola koma osafuna kuutengera kunyumba. Mlandu wanga lero ndi wakuti alembi athu a mabuku ndi nthano zifupizifupi adatengera khungu lomweli kwa agogo, ndipo akuyenda nalo mpaka pano.

Tiyambe ndi mau, poti dzenje lili pomwepo. Azungu ali ndi liwu lakuti asexuality, ndipo mwini wakeyo amamutcha asexual. Amatanthauza munthu amene mwachibadwa chake sakopeka ndi wina aliyense, mwamuna kapena mkazi, kuti agone naye. Thupi lake likhoza kukhala langwiro. Akhoza kukonda, kupukwa mnzake akachoka, kufuna banja ngakhalenso ana. Chimene mulibe mwa iye ndi njala ija imene enafe timaiyesa ya aliyense. Tsono yesani kumuitana m'Chichewa muone. Mukati gojo mwanama, pakuti gojo amafuna koma thupi ndilo limamukaniza. Nchifukwa chake timamuseka kuti adagwa mu mpapaya, ngati kuti idali ngozi. Mukati chumba mwalowa nkhani ya kubereka, imene ndi ina. Mbeta ndi amene akudikira womufunsira. Wodziletsa ndi amene ali nawo moto koma waukwirira ndi phulusa. Mau onsewa agwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti njalayo ilipo, kungoti china chake chatseka njira.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupukusa mitu, amvekere izi nza azungu. Liwulo ndi lao, sindikana. David Jay wa ku America adayambitsa bungwe la anthu otere, lotchedwa AVEN, mu 2001. Mu 2004 katswiri wa ku Canada, Anthony Bogaert, adasanthula mayankho a anthu oposa 18,000 a ku Britain napeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu 100 aliwonse adati sadakopekepo ndi munthu aliyense chibadwire. Mu 2013 buku lalikulu limene madokotala a matenda a maganizo a ku America amatsata, DSM-5, lidanena poyera kuti munthu wodzitchula asexual asalembedwe kuti ali ndi matenda a kusowa chilakolako. Chiwerengero cha Bogaert ndi cha ku Britain, si cha pa Nsaru, ndipo sindichikokera kuno mokakamiza. Koma ndifunse: ndi mudzi uti kwathu kuno umene ulibe atsibweni amene adakalamba osakwatira, olima bwino, osamwa, okonda ana a alongo awo kwabasi? Ndi banja liti limene lilibe azakhali amene adalowa m'banja miyezi itatu, nkubwerako, osafunanso kumva za mwamuna, koma ali osangalala ngati mwana? Sikuti onsewo ndi a gulu limeneli ayi. Zifukwa za anthu nzambiri. Koma ena mwa iwo ndi amenewa, ndipo adalipo David Jay asanabadwe.

M'mabuku amene tidawerenga kusukulu, ndi m'mulu wa nthano za m'nyuzipepala zimene ndakhala ndikusunga, munthu ameneyu sindidakumane naye. Chifukwa chake chili m'kaumbidwe ka nkhani zathu. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, atatulutsa Nthondo mu 1933, buku limene lidapata mphotho pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934, adatipatsa chikombole chimene tikuumbirabe njerwa: munthu abadwe, akule, asokere, akwatire, alowe ufumu, atembenuke mtima, amwalire. M'chikombole ichi ukwati si chinthu chimene munthu amasankha; uli ngati kumera mano. John Gwengwe mu Kukula ndi Mwambo adaika makwerero a moyo wa Mchewa mwadongosolo lake, ndipo adachita bwino, koma makwerero sasamala za munthu amene waima pambali. Obwera pambuyo pake ngakhale mitu yokha ikukuuzani kumene mtima uli: Mkwatibwi Wokhumudwa wa P.P. Litete, Mtima Sukhuta wa Jolly Max Ntaba. Sindikunyoza mabukuwa, adatilera. Ndikungoti injini ya nthano yathu ndi chilakolako. Mnyamata afuna mtsikana, makolo akana. Mtsikana afuna bwana wagalimoto, mimba, kuchotsedwa sukulu. Bambo afuna wachiwiri, banja lipasuka. Chotsani mafuta amenewo, mlembi wathu sadziwanso poponda.

Ndiye munthu wosafunayu akalowa m'nkhani mwangozi, mlembi amachita naye ngati alonda a pachipata, kumufunsa chikalata. Pafunika chifukwa. Chofulumira kupeza ndi ufiti: mwamuna wa chigayo chake ndi ngolo ziwiri koma wopanda mkazi, basi ameneyo adakhwima, sing'anga adamuuza kuti chizimba chake nkusagona ndi mkazi. Kwa mtsikana chifukwa chimakhala bala lakale, kuti wina adamugwirira ali mwana, kapena chibwenzi choyamba chidamukhumudwitsa, ndipo pofika kumapeto kwa nkhani kumabwera mnyamata wofatsa wodzachiza balalo. Zoterezi zimachitikadi m'moyo, ndipo nzoyenera kulembedwa. Choipa nchakuti zasanduka yankho la funso lililonse.

Koma njira imene timaikonda koposa ndi ya nthabwala, ndipo apa mpofunika kukhalitsa. Nkhani yake mudaiwerengapo kapena kuionera pa sewero kakhumi. Ukwati wachitika, mkamwini wamanga nyumba kuchikamwini, mwezi watha, iwiri yatha. Anamkungwi aitana mtsikana kuseri, iye agwetsa nkhope nati m'nyumba muja timangogona ngati pachibale. Ankhoswe akumana. Atsibweni a mnyamata abwera ndi gondolosi m'thumba la jekete. Zikakanika apita kwa sing'anga, ndipo zikakanikanso akuluakulu apangana mwachinsinsi kuti usiku wina mwamuna apite kukacheza kutali, m'nyumba mulowe fisi. Mwana abadwa ali ndi makutu a mnansi, holo yonse kuseka mpaka misozi. Ine ndemwe ndimaseka, poti ochita masewero athu ndi akatswiri. Koma muonetsetse kuti m'nkhani yonseyi mwamunayo safunsidwa funso limodzi lokha lofunika: kodi inu mukufuna? Aliyense, kuyambira mlembi mpaka woonera wa kumbuyo, watsimikiza kale kuti akufuna ndipo akulephera. Kuchikamwini, kumene ena amachita kunena mosapsatira kuti mkamwini ndi tambala wobwereka, tambala wosalira ali ndi mlandu, ndipo palibe amene amaganiza kuti mwina si tambala.

Ngakhale alembi akuluakulu a mu Africa amaima pomwepa. Ayobami Adebayo wa ku Nigeria, mu buku lake la mu 2017, Stay With Me, adalemba nkhani ya fisi imeneyi mopanda nthabwala ndi pang'ono pomwe. Akin akubisa ugojo wake kwa mkazi wake Yejide, napempha mbale wake Dotun kuti alowe m'nyumba, ndipo bodzalo likudya banja lonse. Ndi buku loluma, ndipo mlembi aliyense wa kuno wofuna kulemba za ugojo ayambe waliwerenga kuti aone mmene manyazi amaphera. Komabe Akin ndi gojo weniweni, amamufuna Yejide ndi mtima wonse ndipo thupi ndilo lamuchita chipongwe. Munthu wathu uja sali m'menemo.

Khomo lokhalo laulemu limene tidamusiyira ndi la tchalitchi, ndipo ife a m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji tikulidziwa bwino. Tidakula tikuona anthu osakwatira koma aulemu wao. Chipatala cha St Gabriel pa Namitete chidayambitsidwa mu 1959 ndi masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg. Ku Nambuma kuli mishoni yakale ya Akatolika. Mukapitirira ndi msewu kulowa m'boma la Mchinji mukafika ku Kachebere, kumene seminale yaikulu idatsegulidwa mu 1939. Chipani cha masisitere a Tereziya, cha ana a dziko lomwe lino, chidayamba mu 1929. Mtsikana wa ku Mpingu akanena kuti sindifuna banja, mudzi wonse umadzuka. Akanena kuti ndikufuna usisitere, amake amalira tsiku limodzi kenaka nkuyamba kunyadira. Koma mpingo umatcha moyo umenewu nsembe, ndipo nsembe imafuna kuti ukhale ndi chinthu chopereka. Alembi athu nawo adagwira pomwepo: wansembe kapena sisitere wa m'nthano zathu nthawi zonse amakhala pankhondo ndi thupi, ndipo kawirikawiri amagwa, chifukwa kugwako ndiko kumagulitsa nyuzipepala. Sisitere amene adalowa m'nyumba ya masisitere napuma mpweya wautali, poti tsopano palibenso womufunsa za mwamuna, ameneyo sitidamulembe. Chikhalirecho Mateyu 19 imatchula magulu atatu a anthu osalowa m'banja, ndipo gulu loyamba ndi la amene adabadwa otero. Ndime imeneyi ndi yosowa pa guwa.

Amene adafika pafupi ndi Legson Kayira, mu Jingala, buku la mu 1969. Jingala ndi bambo wamasiye, wokhometsa msonkho wopuma pantchito, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo, Gregory, amene ali pa sukulu ya mishoni, wanena kuti akufuna unsembe. Kwa Jingala kumeneku nkufa kawiri: mwana wosakwatira ndiye kuti dzina latha. Pamene akulimbana ndi azungu a pamishoni kuti amubwezere mwana wake, nkhalambayo ikudikira kukwatira Liz, kamtsikana kamene adakatomera kadakali kakang'ono, ndipo pamapeto pake Liz akuthawa ndi mwamuna wina. Kayira adaika bwino anthu awiriwa maso ndi maso, bambo amene akufuna ukwati pa msinkhu wosayenera ndi mwana amene sakuufuna pa msinkhu woyenera. Sindikunena kuti Gregory ndi asexual. Bukulo silinena zimenezo, ndipo ndimadana ndi khalidwe lomata zikwangwani zamakono pa anthu a m'mabuku akale. Dandaulo langa nlakuti bukuli ndi la bambo. Dzina nlake, ululu ndi wake, ndipo mkangano wonse waikidwa pakati pa mwambo ndi mishoni. Funso lakuti mnyamatayo akutaya chiyani posakwatira, kapena ngati akutaya kanthu nkomwe, latsala panja ngati nkhuku yochedwa kulowa m'khola.

Edzi itabwera, kuyambira 1985 pamene wodwala woyamba adapezeka m'dziko muno, ndipo makamaka m'zaka za m'ma 1990, mau akuti kudziletsa adadzaza wailesi, masewero ngati Tinkanena ndi timabuku ta mabungwe. Munthu akadaganiza kuti tsopano wosafunayu wapeza malo. Ayi ndithu. Ngwazi ya nkhani za nthawi imeneyo idali mtsikana amene akupsa koma wapirira, mnyamata amene anzake akumukoka koma wakana. Uthengawo udapulumutsa miyoyo ndipo sindiupeputsa. Koma udakhomereranso msomali womwe uja, wakuti aliyense akupsa. Mwana amene sankapsa ankalandira mphotho ya khalidwe labwino ali ndi zaka 16, ndipo pofika zaka 28 anthu omwewo ankamutengera kwa sing'anga.

Chondiwawa nchakuti mwambo wathu uli ndi chuma chimene mlembi akadagwiritsa ntchito, chipanda ulesi. Achewa amagawa anthu pawiri, otentha ndi ozizira. Wotentha ndi amene akukhala malo amodzi ndi mnzake. Wozizira ndi mwana, nkhalamba, ndi aliyense amene wadika. Pa kusiyana kumeneku ndi pamene pakhazikika nkhani yonse ya mdulo kapena tsempho. Khanda likabadwa ndi lozizira, ndipo wotentha salikhudza mwachisawawa kufikira makolo atalitenga kumphasa. Pa maliro, pa chinamwali, pofulula mowa wa mizimu, amene akukhudzidwa amadika. Mayi akakhala kumwezi amaitana kamwana kuti kathire mchere m'ndiwo. Kunena kwina, mudzi wa Achewa sungayende popanda manja ozizira. Kungoti mwambo umaona kuzizira ngati nyengo, imene munthu amalowamo nkutulukamo. Munthu wamkulu, wathanzi, amene ndi wozizira chaka ndi chaka, alibe mpando pabwalo. Tangoganizani nkhani ya mayi woteroyo, amene mudzi wonse umamuthamangira kukabadwa khanda kapena kukagwa zovuta, chifukwa manja ake ngosaopsa, koma mudzi womwewo nkumamuimba nyimbo pamtondo. Nkhani imeneyo ili ndi zonse, ulemu, chipongwe ndi mchere, ndipo siifuna liwu limodzi la Chingerezi. Za nyimbo zakudambwe zonena anthu otere ndisiye, malo ano si ake.

Kummwera cha kumadzulo kwa boma lomwe lino la Lilongwe, kufupi ndi Dzalanyama, kuli Msinja, kachisi wa mvula wa Makewana, amene W.H.J. Rangeley adalemba za iye mu 1952. Makewana sankakwatiwa monga akwatiwira akazi ena, ndipo ankatumikiridwa ndi Matsano, akazi amene sankaloledwa kudziwa mwamuna ali pa ntchitoyo. Steve Chimombo adawabweretsa Matsano pa bwalo la zisudzo mu The Rainmaker, sewero lake la Mbona la mu 1978, koma adawaika ngati gulu loyankhula ndi kuthirira ndemanga pa zochita za ena. Pa cholinga chake zidakwana. Koma palibe amene adatenga mmodzi wa Matsano, kumupatsa dzina ndi amake, nkumufunsa ngati moyo wa pakachisi udali ndende kapena mpumulo. Kwa ena udali ndende, mosakayika. Kwa onse?

Kunja nako si kuti adayamba bwino. Mu 2012 sewero la pa kanema la ku America, House, lidaonetsa banja lodzitchula asexual. Pofika kumapeto, dokotala wanzeru uja adapeza kuti mwamunayo ali ndi chotupa m'mutu ndipo mkaziyo ankangonamizira pofuna kusangalatsa mwamuna wake. Gondolosi yemwe uja, wangovala jasi loyera. Amene adaswa chikombole ndi Keri Hulme wa ku New Zealand, mu The Bone People, buku limene ofalitsa akuluakulu adalikana, lidatuluka mu 1984 kudzera m'kagulu ka amayi kotchedwa Spiral, nkudzapata mphotho ya Booker mu 1985. Kerewin, mayi wojambula zithunzi wokhala yekha mu nsanja m'mbali mwa nyanja, akumana ndi Simon, kamwana kosayankhula, ndi Joe, bambo wokalera. Joe afuna ukwati, Kerewin akana, ndipo Joe achita zomwe tikadachita tonsefe, kufufuza bala. Kerewin amuuza kuti palibe adamuchita choipa, ndi mmene aliri basi. Ndipo Hulme, amene iye mwini adanena poyera kuti ndi wotero, sabwereranso kudzasintha yankholo. Chimene ndimalikondera bukuli nchakuti Kerewin si woyera mtima: amamwa, ndi waukali, ndipo ali ndi gawo lake pa nkhanza zimene mwanayo akuona. Kusafuna kwake si mphotho ndipo si chilango. Atatuwa pomaliza akhala banja, koma banja losamangidwa pa mphasa.

Sayaka Murata wa ku Japan, mu Convenience Store Woman ya mu 2016, adalowera kwina, ku nthabwala, koma nthabwala yake yaloza kwa oseka. Keiko ali ndi zaka 36, wagwira ntchito m'kasitolo kamodzi zaka 18, sadakhalepo ndi chibwenzi ndipo sakuona vuto. Amene akuona vuto ndi mng'ono wake ndi anzake. Kuti amusiye, atenga mwamuna wina waulesi, Shiraha, namusunga m'bafa ngati chiweto, ndipo abale onse asangalala kuti tsopano wachira, ngakhale mwamunayo ndi wachabechabe. Ndani wa ife sadaonepo mudzi ukusankha kuti mwana wao akhale ndi chidakwa chomumenya kusiyana nkuti akhale yekha? Murata satchula dzina la chikhalidwe cha Keiko paliponse, ndipo bukulo silisowa kanthu.

Pamenepa ndiye ndikusiyana ndi ena okonda nkhaniyi. Mabuku atsopano a achinyamata, monga Loveless wa Alice Oseman wa mu 2020, amathera masamba ambiri akufotokoza matanthauzo a mau, mtsikana akufufuza pa intaneti mpaka atapeza dzina lake. Ndikumva kuti kwa mwana wosokonezeka buku lotero ndi madzi a m'chipululu. Koma ngati luso ndi lopyapyala, ndipo kwathu kuno ngozi yake ndi yaikulu, chifukwa tili kale ndi matenda a nthano za mabungwe. Mukuzidziwa: vuto pa tsamba loyamba, mlangizi wa njinga yamoto pa tsamba lachitatu, msonkhano pansi pa mtengo, mfumu ivomereza kuti tidali mumdima, onse aomba m'manja. Munthu wathuyu akangogwera m'manja mwa alembi a alawansi, adzatuluka atavala tisheti, ndipo owerenga adzamuiwala tsiku lomwelo.

Kale tikadanamizira Censorship Board, imene lamulo la mu 1968 lidakhazikitsa. Dziko lino lidalamulidwa kuchokera 1964 mpaka 1994 ndi mtsogoleri amene sadationetsepo mkazi wake, Mama Cecilia Kadzamira nkumatchedwa Official Hostess. Sindikumuika Kamuzu m'gulu limeneli, ndisanamiziridwe. Ndikungoti mlembi wolemba za mwamuna wolemera wosakwatira m'masiku amenewo akadagona tulo tochepa. Koma zimenezo zidapita. Stanley Onjezani Kenani adalemba Love on Trial, nkhani ya mnyamata wokonda mwamuna mnzake, nifika pa mndandanda womaliza wa Caine Prize mu 2012. Ngati cholembera cha Mmalawi chidafika pamene pali apolisi ndi makhoti, chikuopa chiyani pamene palibe lamulo lililonse lothyoledwa? Yankho langa nlakuti nkhani ya Kenani, ngakhale ndi yoopsa, ili ndi mafuta aja: wina akufuna wina, dziko likukana. Ya wosafuna ilibe mafuta amenewo, ndipo imafuna mlembi wodziwa kuyendetsa nkhani ndi zina: ubwenzi, ngongole, munda, maliro, nsanje ya pachibale. Tidaononganso liwu lakuti chibwenzi, limene lidali la anthu awiri alionse okondana, mpaka lero munthu sanganene kuti uyu ndi bwenzi langa popanda wina kutsinzinira mnzake.

Ndipo mlembi ameneyo asadzaiwale mkazi. Apa ndi pamene nkhaniyi ili ndi mnofu. Naphiri amene wakwatiwa ndi mwamuna wotereyu sadalakwe kanthu. Njala yake ndi yeniyeni, ndipo kufuna kwake ana si umbuli ayi. Kwathu kuno ana ndi a mbumba ya kwao, ndiwo adzalime munda wa amake ndi kumuika m'manda. Akagona chafufumimba usiku akudzifunsa ngati ndi wonyansa, ululu umenewo ndi wofanana kulemera ndi wa mwamuna amene akumwa zowawa za sing'anga pa matenda amene alibe. Mwamunayo amamukonda, amamugulira chitenje fodya akagulidwa, amamudikira kuchigayo. Ankhoswe nawo si zilombo, akuyesa kupulumutsa banja ndi zida zimene adalandira kwa makolo. M'nkhani imeneyi mulibe mfiti yoti tiiotche, ndipo nchifukwa chake ili yovuta kuilemba kuposa ya bwana wagalimoto.

Yesani kuiika pa pepala muone pamene dzanja lidzanjenjemere. Ndi mwezi wa Febuluwale, pakhonde pa apongozi, ankhoswe a mbali zonse akhala pa mipando, Naphiri ali pamphasa wafunda chitenje kumutu. Atsibweni ayamba: Akamwini, kodi mukudwala? Iye ati ayi, ndili bwino. Kapena muli ndi wina kumbali, nenani, ndife amuna anzanu. Ayi, ndilibe. Nanga mayiwa adakulakwirani? Ayi, sadandilakwire, ndipo ndikuwafuna pakhomo pano. Mafunso a ankhoswe athera pomwepo, pa tsamba lachitatu. Mlembi watsala ndi masamba ena khumi, mwamuna amene alibe liwu lodzitchulira, mkazi amene sadayankhulebe, ndi fodya amene akupsa m'munda kudikira omuthyola awiri.